Maluwa a tsiku la anakubala angafike amoyo kwa Ngabu?

Bambo a Tiya (Joni): Mwaswera bwanji nonse abale akwathu. Ndithandizeni maganizo pa kankhani aka. Pa 15 October pano ndi tsiku la anakubala nde chaka chino ndikufuna mayi anga alandire maluwa, maluwa enieni onunkhira osati apulasitiki aja ayi. Chaka ndi chaka ndimangotumiza ndalama alongo anga nkukagula chitenje ndi shuga basi zathera pompo, koma kuno ku Johannesburg tsiku lawo limakhala mu May ndimaona anzathu amangodina pa foni madzulo mawa lake munthu wagogoda kale pakhomo pa mayi awo ndi mtolo wa maluwa, zimandikhudza heavy. Mayi ali kwa Ngabu, kupitirira pa trading pang'ono kulowera chakumapiri. Alipo amene akudziwa munthu wopanga zimenezi kwathuko?

Nachisale (Limbe): Mwaswera achimwene. Kwa Ngabu kwenikweniko sindinamvepo shopu ya maluwa, koma kuno mtauni alipo ambiri amagulitsa pa Facebook ndi pa WhatsApp, umasankha pa chithunzi iwo nkukumangira bwinobwino ndi pepala lonyezimira lija, ena amaikamo ndi chokoleti ndi kakhadi. Vuto ndi loti akamati timafikitsa pakhomo amatanthauza Blantyre yomweyino, Namiwawa, Chilomoni, Bangwe, ukangotchula Chikwawa amakuuza kuti tikakweza pa minibasi inu mukalandire nokha kumeneko

Nachisale (Limbe): komanso chenjerani nawo ena. mnzanga wina anatumiza ndalama yonse kwa wina wake wa pa Facebook, zithunzi zokongola zedi, tsiku litafika foni yazima mpaka lero. Muziwauza akujambulireni kavidiyo ka maluwa amene ali nawo tsiku limenelo, ndipo mulipire theka kaye theka linalo katundu akakwera

Adalaivala a Sienta: Bwana wa ku Joni, ine msewu umenewu ndi ofesi yanga nde ndikuuzeni chilungamo. Maluwa mu October kutsika nawo chigwa si masewera. Minibasi simanyamuka isanadzadze, katundu wanu akhala pa siteji akudikira anthu, mukatsika makhotakhota aja kufika pa Thabwa mpweya wasintha kale ukuwotcha, pa roadblock muima, pa mlatho wa Kamuzu muoloka, pa Dyeratu muima kutsitsa ndi kukweza, pa Nchalo ndiye mwina akusinthitsani galimoto kumene chifukwa anthu opitirira achepa. Pofika kwa Ngabu dzuwa lili paliwombo. Ndipo kondakitala sadziwa kuti ichi nchosalimba, amangoponya kumbuyo limodzi ndi matumba a ufa ndi makatoni a sopo

Bambo a Tiya (Joni): Eish nde mukuti nzosatheka?

Adalaivala a Sienta: Nzotheka koma mulipire mpando wathunthu wakutsogolo, maluwawo akhale mu ndowa ya madzi pansi pa mpando osati pa dashibodi, ndipo akwere galimoto yoyamba ya mbandakucha. Kumbukiraninso kuti pa 15 ndi holide, magalimoto amachepa ndipo nkhani ya mafuta mukuidziwa, lero alipo mawa tili pa mzere

Aphunzitsi (Bangula): Mwana wanga, ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine ndiyambe ndi funso, kodi mayi ako ukuwadziwa bwino pa nkhani ya maluwa? Ndikufunsa chifukwa anthu a msinkhu wathu kuno maluwa tinawadziwira ku maliro. Nkhata ija timaika pamanda. Tangoganiza mayi wachikulire wakhala pakhonde, mwana wake ali kutali ku Joni kumene timamva nkhani zoopsa kawirikawiri, kenako njinga yamoto yaima pabwalo watsika munthu wosamudziwa wanyamula maluwa. Mtima wawo uyamba wathamangira kuti? Ndikunena izi mosaseka, alipo amayi a BP kuno.

Aphunzitsi (Bangula): Chachiwiri October ndi mwezi umene nkhokwe zambiri mchigwa muno zayamba kupepuka, mapira atha, chimanga pamsika chakwera. Ndalama ya maluwa ndi transipoti yakeyo ikhoza kugula thumba lomwe lingawafikitse patali. Duwa mawa lafota, ufa ukhala.

Bambo a Tiya (Joni): Aphunzitsi ndamva ndipo mwanena zoona, za maliro zija sindinaziganizire nkomwe. Koma za ufa musadandaule, thumba ndatumiza kale mwezi uno ndipo chitenje chikhalapo ngati mwa nthawi zonse, maluwawa ndi oonjezera. Mayi anga anatilera ndi thonje, kuyambira kupalira mpaka kutola dzuwa likuswa mtengo, moyo wawo wonse chilichonse chimene analandirapo ndi chogwiritsa ntchito, poto, khasu, ndowa, chitenje. Ndikufuna kamodzi kokha alandire chinthu choti ntchito yake ndi kukongola basi, aone kuti nawonso akuyenera zoterozo

Nachisale (Limbe): achimwene mwandiliza 😭

Mayi a Chifundo (Nchalo): Ndinali ku msika ndangofika, dikirani ndikhale pansi ndikufotokozereni bwino chifukwa ine ntchito yanga ndi yokongoletsa pa maukwati ndi ma bridal shower kuno ku Nchalo mpaka Ngabu ndimafika. Mukaona tikugwiritsa ntchito maluwa apulasitiki musamati ndife otsalira ayi, tinayesa enieniwo. Ma rozi ochokera ku Blantyre ukawaika mu holo 8 koloko mmawa, pofika nthawi ya perekaniperekani mitu yonse yazolika pansi, akwati akujambulitsa ndi zinthu zofota. Rozi ndi duwa la kozizira, kuno limangokomoka. Amene amapirirako ndi ma chrysanthemum aja timaluwa tambirimbiri pa phesi limodzi, ndi ma carnation, amenewo ukawasamala amatha masiku angapo olo kuno. Nde ngati mwalimbikira za ku Blantyre muwauze ogulitsawo kuti rozi aikemo mmodzi kapena awiri a ulemu chabe, enawo akhale olimbawo, ndipo rozi wake asankhe amene sanamasule kwambiri

Mayi a Chifundo (Nchalo): pepala lonyezimira la pulasitiki lija muwauze alichotse poyenda, limasunga kutentha mkati maluwa amachita kuphikika. Akulunge ndi nyuzipepala yonyowa, mapesi ali mmadzi, pamwamba afunditse kansalu konyowa kopepuka. Pepala lokongolalo alipinde padera tidzamangira konkuno

Wakabaza pa Ngabu: Mami nanga kungowaika mu kulabokosi ndi ayisi?

Mayi a Chifundo (Nchalo): kulabokosi ndi yabwino koma ayisi asakhudze duwa, limapsa nkuda ngati lawauka. Muike mabotolo a madzi oundana mmbali mutawakulunga ndi nsalu. Ndipo china chimene anthu sadziwa ndi madzi athu, mijigo yambiri kuno madzi ake ndi amchere, ukaika duwa mmadzi amenewo sililimba. Afunika madzi okoma, a pampopi kapena a mjigo umene anthu amatungako akumwa. Akafika mudule mapesi pang'ono chopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, masamba onse amene angamire mmadzi muchotse chifukwa amaola nkununkhitsa madzi, muthiremo kashuga pang'ono ndi kadontho ka jiki, madzi kusintha tsiku ndi tsiku, ndipo akhale mnyumba pamthunzi osati pawindo

Aphunzitsi (Bangula): Pa za kutenthazo mayi akunena zoona. Blantyre ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 pomwe ife kuno tili pansi pa mamita 100, ndiye duwa limatsika phiri lonselo mu ola limodzi. Kwa Ngabu mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40, ndi malo amodzi otentha kwambiri m'Malawi muno. Munthu amene amavutika, nanji duwa lodulidwa.

Mnyamata wa ku Dambo: Koma abale bwanji mukuvutika ndi za ku Blantyre pomwe kuno ku dambo maluwa a nyika, chomera cha mmadzi chija, ali mbwee, oyera ena a buluu, aulere. Ndikhoza kupalasa bwato mmawa ndikuthyolereni mtolo wonse

Anesi (East Bank): Iwe usayerekeze. Ng'ona za mu Elephant Marsh ukuzidziwa bwino, ife timalandira anthu olumidwa akukumba nyika yomweyo, usaike moyo pachiswe chifukwa cha duwa

Mayi a Chifundo (Nchalo): komanso duwa la nyika ukangolichotsa mmadzi phesi lake limafewa nkugwa, ndipo limatseka lokha dzuwa likapendeka, pofika kwa Ngabu mupereka chinthu chotsinzina

Aphunzitsi (Bangula): Ndipo nyika kwa mayi wachikulire wa mchigwa muno ndi chikumbutso cha njala. Ndi chimene amayi athu amakalowera mmadzi mpaka mchifuwa zaka zimene kulibe chakudya. Duwa lake ndi lokongola inde koma pa tsiku lachisangalalo ine sindingawapatse.

Mnyamata wa ku Dambo: Chabwino ndamva akuluakulu, ndimangofuna kuthandiza

Bambo a Tiya (Joni): Takhuta mphwanga, mtima wako ndauona

Anesi (East Bank): Ine ndiyankheko za aphunzitsi zija zoti achikulire amaopa maluwa. Nzoona koma zikusintha. Kuntchito kwathu kunali mayi wina anachira mwana woyamba, mwamuna wake ali ku Lilongwe anatuma mlongo wake kubwera ndi maluwa, sanali ochuluka ayi timaluwa tochepa tomanga ndi riboni. Apongozi ake amene ankadikirira poyamba anachita tsinya kufunsa kuti zimenezi nzachani mwana ali moyo, koma mlongo uja atafotokoza kuti achimwene akuti zikomo, gogo yemweyo ndi amene anapita kukatsuka botolo la Sobo nkuthiramo madzi, nkumauza aliyense wolowa mu wodi kuti awa atumiza ndi bambo a mwanayu. Potuluka zovala ananyamula ena, iye ananyamula botolo lija. Nde nkhani yagona pa amene wabweretsa ndi mawu amene wanena pofika

Nachisale (Limbe): eya, asapite ndi mlendo

Wakabaza pa Ngabu: Apa ndiye mwafika pa gawo langa. Bwana ku Joni kuja mumalemba nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, kuno adiresi ndi mjigo, mlambe ndi tchalitchi. Mundiuze mudzi, mfumu yake, ndikhotere pati ndikachoka pa tala, ndipo mayiwo amadziwika ndi dzina lanji chifukwa mukandipatsa dzina la pa chitupa palibe angandilozere, mundiuze kuti amake a uje. Mundipatsenso nambala ya munthu amene foni yake imakhala yoyaka, osati ija imakhala kotchaja ku trading tsiku lonse

Wakabaza pa Ngabu: za kanyamulidwe, pa njinga yamoto mphepo ndi fumbi ndi zimene zingaononge, msewu wakumapiri uja pano ndi fumbi lokhalokha ngolo za ng'ombe zaupera. Maluwa akhale mu ndowa, ndowa mu katoni yotseka pamwamba yoboola mmbali, ndipo pakhale munthu kumbuyo woigwira pamiyendo, kumanga ndi mphira pa kaliyala afika atayoyoka onse. Ndiyenda pang'onopang'ono. Malipiro Airtel Money kapena Mpamba zonse ndimalandira, mudzalipire katundu atafika ndilibe nazo vuto, tonse ndife a pa gulu pano

Bambo a Tiya (Joni): Man mwandimasula. Dikirani ndiwaike alongo anga pa gulu pano amve okha, ndi amene ali pafupi ndi mayi

Amake Yankho: Mwadokerwa nonse, zikomo pondilandira. Ndawerenga kuchokera pamwamba, achimwene nkhaniyi bwanji osandiuza kale kkkk. Mayi maluwa amawakonda inu simukudziwa chifukwa munachoka kalekale, paja kutchalitchi ndi iwo amene amakonza kuguwa loweruka lililonse, amayenda mmakomo mwa anthu kupempha timaluwa nkukaika mzitini. Nde za mantha a maliro kwa iwo sindikuona vuto bola ndipite ndine kapena Yankho. Koma tsiku limenelo mmawa sapezeka pakhomo, amalawirira ku dimba kukathirira dzuwa lisanakwere, amabwerako cha mma 9, ndipo masana azimayi a mpingo amakhala ndi kaphwando kawo ka anakubala

Nachisale (Limbe): ndiye nthawi yabwino ndi 9 mpaka 10 pamenepo, asanapite kuphwandoko, akanyamule akaonetse anzawo

Adalaivala a Sienta: 9 koloko kwa Ngabu kuchokera ku Blantyre pa holide, zikhoza kutheka koma sindingalumbire. Ogulitsa mtauniwo ayenera kumanga usiku wa pa 14 nkugoneka mu fuliji, magetsi akazima usiku umenewo ndiye tayamba kale ndi maluwa otopa

Mayi a Chifundo (Nchalo): Nde mverani maganizo anga, mukhoza kuwakana. Bwanji tisiye za ku Blantyre. Kuno ku Nchalo chifukwa cha madzi a kuminda ya nzimbe makomo ambiri ali ndi maluwa olo mu October, ndipo ndi maluwa oti anabadwira mu kutentha komweku sakomoka msanga. Pakhomo panga pali frangipani woyera wa chikasu pakati, fungo lake madzulo limafika mpaka kumsewu, pali bougainvillea wofiira ndi wa pepo, kwa aneba kuli timaluwa tina tofiira timene timakhala mu timagulu. Ndikhoza kudzuka 5 koloko kudula kukadali kozizira, ndimange bwinobwino ndi masamba obiriwira ndi riboni, Nchalo kufika Ngabu ndi pafupi pofika 7 ali kale mmanja mwa akabaza

Mayi a Chifundo (Nchalo): ndinene poyera kuti bougainvillea akadulidwa sachedwa kuyoyoka, tsiku limodzi awiri basi, ndipo mtolo wake sudzafanana ndi wa pa zithunzi za ku Joni zija. Nchifukwa chake ndikuti tiphatikizepo ndi duwa lamoyo lodzala kale mu chitini kapena mu mphika wadothi, loti mtolo ukafota ilo litsale likukula pakhomo

Bambo a Tiya (Joni): Mami izi ndiye zandigwira mtima. Lamoyolo lingakhale liti?

Mnyamata wa ku Dambo: Lija lonenepa kunsi ngati kamlambe, limachita maluwa a pinki nthawi yopanda mvula, silifuna madzi ambiri

Mayi a Chifundo (Nchalo): desert rose ameneyo, ndi wokongoladi ndipo chilala sachiopa, koma utomoni wake ndi poizoni, pakhomo pali ana aang'ono ine sindingapereke

Amake Yankho: ana alipo atatu ndipo wamng'onoyo chilichonse ndi chapakamwa. Mbuzinso ndiye musanene, nthawi ino zimangoyendayenda zosamangidwa, chobiriwira chilichonse zikumaliza olo chikhale pakhonde

Mayi a Chifundo (Nchalo): ndiye bougainvillea, ali ndi minga, dzuwa amalikonda ndipo akagwira safuna kuthirira kwambiri, ukamuthirira mopitiriza amangochita masamba osachita maluwa. Ndili naye wina ndinadzala mu chitini cha penti wayamba kale kuchita maluwa, chitinicho ndichikulunga ndi kachitenje kuti chioneke bwino. Akadali wamng'ono mbuzi zimadya nsonga zake nde amake Yankho mumutchingire ndi minga kapena njerwa mpaka akule, mvula ikayamba mumuoke pansi pafupi ndi khonde adzayange. Frangipani nayenso ndikupatsani nthambi, imeneyo mumaisiya masiku angapo pamthunzi kuti podulapo paume kenako nkuzika, imaphuka yokha, koma utomoni wake woyera uja ana asaseweretse umayabwa

Aphunzitsi (Bangula): Apa ndiye tayamba kumvana. Chinthu chodzala pansi mayi wa kumudzi amachimvetsa. Ine ndikanaonjezapo mbande ya mango, koma ndisalande mphatso ya mwini.

Bambo a Tiya (Joni): kkkk aphunzitsi mango tidzadzala pa Khrisimasi ndikabwera ndekha

Nachisale (Limbe): koma ine ndisagonje msanga, achimwene anati akufuna mayi alandire chinthu chapadera chimene sanachionepo. Frangipani ndi bougainvillea mayi amaziona tsiku ndi tsiku mmakomo mwa anthu, ndi zomwe amapempha za kuguwa zija. Rozi weniweni mwina sanamugwirepo chibadwire. Ine ndikutsika pa 14 madzulo kukaona mayi anga ku Chikwawa boma, ndikhoza kugula ma rozi atatu okha osamasula ndiwasunge mu kulabokosi yanga, usiku agone pozizira, mmawa ndiwapatsire adalaivala awasiye pa Nchalo mami awaike pakati pa mtolowo. Akafota mawa lake afote, bola awagwire anunkhize

Mayi a Chifundo (Nchalo): atatu okha pakati pa frangipani woyera, ofiira, eee zidzakongola zimenezo. Ndavomera. Koma ugule madzulo a pa 14 omwewo osati mmawa, ndipo pasiteji usaime nawo padzuwa

Adalaivala a Sienta: Pa 15 ndimadutsa pa Dyeratu cha mma 6, achemwali mudzandidikire pamenepo. Atatu okha sindikulipiritsani mpando, adzakhala pambali panga

Anesi (East Bank): Mwachita mwayi kuti ndi October misewu ndi youma. Ikanakhala Valentine ya February bwenzi tikukamba zina, kuno mvula ikakwiya galimoto siyenda, mukukumbukira namondwe Ana mu January 2022 ndi namondwe Freddy mu March 2023 mmene tinadukira osafikika masiku ambirimbiri, ife a tsidya lino ngakhale mankhwala amavuta kufika. Amene mukuganiza zotumiza maluwa kwa akazi anu mu February yambani kudzala pano

Wakabaza pa Ngabu: Zoona sisitala, nthawi ya mvula msewu wakumapiri uja ndi matope okhaokha dothi lakuda lija limamata matayala njinga osayenda

Aphunzitsi (Bangula): Funso lina, kakhadi kaja mukuti kalembedwe mchiyankhulo chanji? Ogulitsa mtauni amangolemba chizungu. Mayi ako amawerenga?

Amake Yankho: amawerenga pang'ono za mBaibulo koma maso anafooka, magalasi anasweka. Ndipo akakondwa kwenikweni amayankhula Chisena, Chichewa chimathawa

Aphunzitsi (Bangula): Ndiye khadi likhalepo la chikumbutso, Yankho awawerengere mokweza, koma iwe wa ku Joni ujambule mawu ako pa foni mChisena, uwatchule mmene umawatchulira uli mwana. Utumize kwa mlongo wako usiku wa pa 14 kuti netiweki ikavuta mmawa mawuwo akhale alipo kale. Ndipo popereka mwana agwade apereke ndi manja awiri, chitenje chiyambe maluwa abwere pambuyo, kuti aone kuti mwambo wa chaka ndi chaka sunathe.

Bambo a Tiya (Joni): Ndichita chomwecho aphunzitsi. Ndiyesanso kuimba video call nthawi yomweyo, kuno ndi kwathu nthawi ndi imodzimodzi nde 9 koloko ndidzapempha kabreak kuntchito

Amake Yankho: netiweki pakhomo pa mayi imagwira ukaima pa chulu paja kuseri kwa khola, mukaona sindikuyankha dziwani ndikuyenda kupita pamenepo. Bandulo munditumizire achimwene

Bambo a Tiya (Joni): Bandulo ndi ya magalasi ndikutumizira limodzi, za magalasi osweka ukundiuza lero bwanji mlongo wanga, uwatengere akayezetse maso sabata ino

Amake Yankho: amakana amati musamuvutitse mwana ali kutali. Ndiwatengera lachinayi

Bambo a Tiya (Joni): Mami a ku Nchalo mtengo wanu ndi bwanji, mtolo ndi chitini chija ndi ntchito yanu? Musachite manyazi ndi bizinesi

Mayi a Chifundo (Nchalo): ndikuuzani ku inbox, sindidula. Riboni ndi pepala ndili nazo kale zotsala pa ukwati wa sabata yatha, mtundu wake mundiuze, pali yofiira, ya golide ndi yoyera. Amake Yankho chitenje mwagula cha mtundu wanji kuti zigwirizane

Amake Yankho: sindinagule, ndimati ndikasankhe loweruka pa msika, ndikagula ndikujambulirani

Wakabaza pa Ngabu: Nde ine ndidikire pa siteji ya Ngabu 7 koloko, Yankho akhale pomwepo adzagwire katoni kumbuyo, chitini cha duwa lamoyo ndimanga kutsogolo pa thanki. Tikafika tisalowe pakhomo mayi asanabwere ku dimba, tikasungitse kwa amake Yankho mnyumba mozizira

Amake Yankho: eya kwathu nkoyandikana, ndiika ndowa pansi pafupi ndi mtsuko mpamene pamazizira. Madzi okoma nditunga dzulo lake

Bambo a Madalitso (Lilongwe): Pepani ndakhala chete ndikungowerenga kuyambira mmawa. Mami a ku Nchalo, mungathe kumanga iwiri? Apongozi anga ali ku Bangula, akazi anga akhala akudandaula kuti chaka chino sitipita. Transipoti tigawana ndi achimwene a ku Joni

Mayi a Chifundo (Nchalo): iwiri ndikwanitsa, itatu ayi frangipani wanga atha. Koma Bangula ndi patali kuposa Ngabu nde wa kumeneko ndiika masamba ambiri ndi maluwa olimba okhaokha, rozi asapiteko. Chitini china ndili nacho koma sichinayambe maluwa

Aphunzitsi (Bangula): Wa ku Bangula ndikalandira ndine pa siteji, apongozi akowo ngati ndi a kufupi ndi msika tikudziwana. Undiuze kwa inbox ndi amake ndani, ndipita ndi mayi akunyumba kuti asadzidzimuke.

Adalaivala a Sienta: Ine ndimafika mpaka Nsanje nde Bangula ndi panjira. Onse awiri munditsimikizire pofika pa 13 madzulo kuti ndisunge malo kutsogolo, ndipo mami pa Nchalo mudzaime mbali ya kumanzere kuja timakwezera anthu a ku Ngabu, 6:30 ndili pamenepo sindidzazimitsa injini

Nachisale (Limbe): a Madalitso mwatsimikiza rozi simukufuna? ndikhoza kugula anayi mmodzi apite ku Bangula ayese mwayi

Mayi a Chifundo (Nchalo): gula anayi, ndidzaona mmawa womwewo mmene afikire, akadzakhala olimba ndimuika